Mphindi ya Bambo ku Askerby

Askerby, 25 Ogasiti

Anangozo, mayi a Mwandida,

Landirani moni wanga. Mwadzuka bwanji inu, mwana wathu ndi bambo? Ine kuno ndili bwino kwambiri, ndanenepa moti nditatulukira pamsika wa Tsangano lero, anthu angayambe kunong'onezana kuti bwanayu wabwera kudzagula kachewere wa msika wonse.

Mwati makutu a bambo afika poti foni ikungowasokosera. Ndiye ndabwerera ku makalata ngati kale. Muziwawerengera mokweza, mosathamanga, mutakhala mbali ya khutu lakumanja. Pamene ndalemba kuti apa dumphani, mudumphedi.

Awuzeni akhazikike bwino pampando, nkhani iyi ingawagwetse. Mwana wawo uja ankawatsekera wailesi Loweruka masana kuti agone, uja wosasiyanitsa kona ndi penate, dzulo walowa m'bwalo la mpira. Zaka zisanu ndi zinayi ndili m'tauni muno, kuno ku Mangalande, bwalolo ndimangolidutsa ngati manda a eni, osasuzumira.

Sikuti ndinafuna, ndi ntchito. A Clifford, agogo amene ndimawasamala aja, miyendo yawakaniratu, tsopano ali pa chikuku. Mwana wawo Janice wandiuza kuti adokotala akuti nzeru nazo zayamba kuthawa, ndipo chaka chino mwina n'chomaliza kuti aonere mpira. Anayamba kupita ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, atakwera paphewa pa bambo awo. Lero ali ndi 84. Ndiye timu ya Askerby ikamasewera pakhomo, wokankha chikuku ndine.

Malo athu ali pansi penipeni, pafupi ndi kambendera ka pakona. Kumbuyo kwathu kuli anthu awiri amene mipando yawo sanasinthe zaka makumi atatu. Mayi Doreen amaluka juzi mpira uli m'kati, koma pakamwa pawo pamatuluka mawu oti mkulu wa mpingo angakomoke. A Malcolm ndi dalaivala wa basi, mimba ngati thumba la feteleza.

"Cliff, wagula wosewera watsopano?" anatero a Malcolm.

"Uyu ndi Tom," anayankha agogo. Paja dzina la Yotamu linawakanika kalekale. "Sadziwa n'komwe kuti ife tikugoletsa mbali iti."

Ndinati ayi, ine sindinyozeka chonchi. Ndinawauza kuti ndine mwana wa goloboyi, bambo anga anaima pagolo la timu ya pamishoni zaka khumi ndi ziwiri, ndipo mpira unkayamba waodira usanalowe, iwo n'kuwubweza.

"Ayitanitse abwere," anatero mayi Doreen, maso ali pa zoluka. "Wathuyu manja ake ndi sopo wokhawokha."

Anatimwetsa zitatu kwa du. Chachitatu chitalowa anthu ena anayamba kutuluka, mvula nayo inayamba. Ine ndinamasula mabuleki a chikuku kuti tithawe. Agogo anandigwira pamkono, mphamvu zake sindikudziwa anazitenga kuti.

"Ukupita kuti? Ife sitichoka wezulo isanalire. Akutulukawo si anthu."

Tinakhala mpaka kumapeto, kunyowa ngati nkhuku zogwera m'chitsime. Panjira anandiuza kuti, "Chaka chayamba bwino. Chatha tinamwa zisanu."

Malata a kukhitchini aja musadikire mvula, muuze a Zakeyo awakhome mwezi uno. Mbewu ya kachewere musagule ya pamsewu, inatipweteka kale.

Apa dumphani. Chifuwa cha bambo chija ndinachimva pafoni chili patali, sichinandisangalatse. Pasipoti yanga ili ku ofesi pa nkhani ija ya mapepala okhalira kuno, ndipo ndikaiitanitsa asanamalize ndiye kuti zaka zonsezi zalowa m'madzi. Akuti ibwera Khirisimasi isanafike. Pasipotiyo ikangofika, ndanyamuka. Ndikudziwa kuti ntchito mukugwirayo ndi yanga, ine mwana yekhayo wotsala, inu ndinu mpongozi chabe. Sindinaiwale.

Ndine wanu,
Yotamu

Askerby, 6 Okutobala

Anangozo,

Moni nonse pakhomopo. Ndakondwa kumva kuti bambo anaseka mpaka misozi. Ine ndili bwino, chimfine chinandiyesa koma chinaona kuti chalowa nyumba yolakwika.

Ndiyankhe mafunso a bambo. Goloboyi wathu ndi wamtali ngati mtengo wa magetsi, koma mpira wapansi amauweramira mawa lake. Woyimbira ndi wakuba. Amasintha nkhope sabata iliyonse, koma ndi wakuba yemweyo. Za ofusayidi ndazidziwa tsopano kuposa amene anaziyambitsa: wa mbendera uja akakwezera ife ndiye kuti ndi wakhungu, akakwezera adani ndiye kuti waona bwino. A Malcolm akuti ndakhoza mayeso.

Koma dzulo ndachita chinthu choti mukanakhalapo mukanandikana kuti si mwamuna wanu. Tinkasewera ndi a Dunthorpe, aja ngakhale dzina lawo agogo satchula m'nyumba. Mpira unali wozizira, osewera akungopatsirana pakatikati. Wotchi yaikulu itangofika pa mphindi 67, bwalo lonse linaimirira n'kuyamba kuwomba m'manja. Ine ndinali nditawerama, ndikupukuta agogo msuzi pachibwano, za m'bwalo sindinaone. Ndinati basi tagoletsa. Ndinalumpha, likhweru, mwendo m'mwamba n'kuponda pansi ngati tili pa ngoma kwathu, ndikukuwa kuti chalowa, chalowa.

Nditatembenuka ndinaona kuti palibe akuseka. Mizere inayi kumtunda kwathu kunali mayi wina ndi ana ake awiri aakuluakulu, atagwirana, atanyamula chithunzi, akulira. Agogo anandikoka jekete mpaka batani linaduka.

"Khala chete, chitsiru iwe. Munthu wafa."

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Potuluka mayi Doreen anandifotokozera. Wa pachithunziyo anali wochemerera wa pamzere umenewo, wamwalira Lachiwiri ali ndi zaka 67. Munthu wawo akafa, mphindi ya zaka zake ikakwana amaimirira n'kumuwombera m'manja mphindi yathunthu.

Ndinati, "Mayi, kwathu mukawomba m'manja pamaliro ndiye kuti mwamudya ndinu."

"Nanga mumatani?"

"Timalira. Timagona pamaliropo, amayi m'nyumba, abambo panja, kuyimba mpaka kumuperekeza."

"Ife kulira sitikutha, Tom," anatero. "Manjawa ndiye amatilirira."

Ndinapita kukapepesa kwa mayi wamasiye uja nditapinda manja. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Malemuwo akanaseka. Moyo wawo wonse sanaonepo munthu akuvinira timu imeneyi." A Malcolm tsopano akundiitana kuti Wovina. Mpirawo unatha du kwa du.

Bambo muwauze zonse, aseke. Koma ine mwambo umenewu sunandilowe. Munthu wafa, inu n'kumawomba ngati walandira satifiketi.

Mwandida asamajombe kusukulu masiku opita kuchipatala, mupemphe amayi a kumpingo akuperekezeni. Mbuzi yaikazi ija musagulitse, ili ndi bere, ndinaiona m'maloto.

Apa dumphani. Mwati mankhwala aja sakusintha kanthu. Bwererani nawo, akawajambule pachifuwa. Ku ofesi kuli zii.

Wanu,
Yotamu Wovina

Askerby, 15 Disembala

Anangozo, mkazi wa munthu wotchuka,

Moni. Ndikhulupirira mvula yagwa bwino ndipo nonse mwadzuka. Kuno kuzizira kwafika poti ukalavula, malovu amagwa pansi ngati mwala n'kugubuduka.

Khalani pafupi ndi khutu lija, nkhani iyi ndi ya bambo. Kuzizira kutayamba ndinafukula m'sutikesi chipewa chaubweya chija anandipatsa padepoti tsiku lonyamuka, chija anachokera nacho ku migodi, chofiirira chokhala ndi kampira pamwamba. Ndinachivala kubwalo koyamba mwezi watha, tinapambana chimodzi kwa du. Ndinavalanso, ziwiri kwa chimodzi. Dzulo zitatu kwa chimodzi. Iyi ndi timu imene inali isanapambanepo pakhomo chiyambire ligi.

Anazindikira ndi a Malcolm.

"Wovina, chipewa ichi wachitenga kuti?"

"N'cha goloboyi uja."

Anandivula, anachipsompsona anthu akuona, n'kundivekanso. "Ukachichapa ndikupha. Ukachiiwala kunyumba ndikupha kawiri."

Tsopano ndikamalowa pageti anthu amaima pamzere kuti achigwire, apolisi amachita kuwabalalitsa. Chabwino, si mzere weniweni, ndi anthu ngati asanu ndi mmodzi, koma akuchuluka. Azungu omwewa amene amatiseka za zithumwa. A Malcolm masokosi sanasinthe chiyambire kupambana, ndipo amene akukhala pafupi nawo akudziwa. Mayi Doreen sadya payi yawo ya nyama mpaka titapeza kona yoyamba, ngakhale izizire bwanji.

Awuzeni bambo kuti chipewa chawo chasenza tauni yathunthu ya ku Mangalande. Tili pa nambala 21 mwa matimu 24. Awiri apansi amatuluka mu ligi, ndipo akuti amene wagwera kunjako sabwerera msanga. Agogo akuti chibadwire sanaone Askerby itatuluka, ndipo sakufuna kuti chimenecho chikhale chomaliza kuona.

Mayi Doreen alukira bambo sikafu ya mitundu ya timu, yachikasu ndi yakuda. Akuti goloboyi asakhale wopanda yunifolomu. Ndapatsira mayi Msamala, anamwino a ku Balaka aja, akubwera sabata ya mawa, akusiyirani paboma. Mulinso mabatire a wailesi ndi nsapato za Mwandida. Zikakhala zazikulu aikemo pepala, phazi likula.

Apa dumphani. Pasipoti sinabwere. Za Khirisimasi muwauze nokha, mwa njira yanu, inu mumadziwa kusankha mawu kuposa ine. Agogo kuno Lachinayi anandifunsa kuti akazi awo abwera nthawi yanji. Akaziwo anamwalira zaka khumi zapitazo. Ndinati apita kusitolo. Ndimawasambitsa, ndimawawenga zikhadabo, ndimawameta ndevu m'mawa uliwonse. Ndikagwira lumo ndimadzifunsa kuti kwathuko bambo akuwameta ndani. Musandiyankhe.

Yotamu

Askerby, 23 Febuluwale

Anangozo,

Moni. Ndathokoza Mulungu kuti mwatuluka kuchipatala. Masabata awiri ogona pansi pa bedi la apongozi, palibe mkazi wina mu Ntcheu yense amene akanatero. Ndikadzabwera ndidzakuyendetsani pamsika nditakunyamulani pamutu, anthu aone.

Nkhani ya sikafu ija ndawauza anthu kuno, yandikweza kuposa pamene ndinali. Akuti zoona munthu kukana kuivula m'chipinda cha odwala, kutentha konseko? Ndipo pamene ndinafika poti bambo anauza anamwino kuti mwana wawo ndi sing'anga wa timu ku Mangalande, a Malcolm anaseka mpaka payi inalowa njira ya mpweya. Mayi Doreen sanaseke. Anangoika zoluka pansi n'kufunsa kuti, "Akupeza bwanji kwenikweni, Tom?" Ndinati ndi goloboyi, sagwa wamba.

Za mpira zili chonchi. Pakhomo, chipewa chili pamutu panga, masewero asanu ndi awiri osagonja. Koma anyamatawa akangokwera basi kupita kwina amaiwala miyendo kunyumba. Koyenda timamwa basi, ndiye tidakali pansi pomwe paja, nambala 22. Ndinapempha Janice kuti tiziwatsatira, wati agogo ulendo wautali sangathe.

Agogowa tsopano dzina langa lawathawa. Amanditcha Stanley, mng'ono wawo amene anafa ali mnyamata. Ndimavomera. Kunyumba supuni amaiyang'ana ngati chinthu chachilendo. Koma tikangolowa pageti la bwalo, msana umawongoka. Nyimbo zonse amayimba osaphonya liwu, osewera a chaka chimene anakwatira amawatchula onse khumi ndi mmodzi, kuyambira pagolo. Woyimbira amamutukwana ndi mawu omveka bwino. Wezulo yomaliza ikalira, pofika pamsewu amakhala atazimanso ngati nyali yatha mafuta.

Chimanga cha kudimba mwati chagwidwa ndi mbozi. Musataye nacho mtima, yang'anani cha kumunda waukulu.

Apa dumphani. Mwati miyendo yayamba kutupa ndipo chakudya akungolawa. Ndamva. Mawu munandiuza pafoni aja sindinakwiye nawo, munanena zoona, kungoti ine ndinathawira ku nthabwala. Ku ofesi ndalembera kawiri. Chinanso, Janice wapeza malo kunyumba yosungira okalamba kufupi ndi kwawo, kum'mwera. Agogo apita kumeneko ligi ikangotha mu Meyi. Za ine pambuyo pake tidzakambirana pamaso.

Wanu,
Yotamu

Askerby, 13 Epulo

Anangozo,

Moni kwa inu, kwa Mwandida, ndi kwa goloboyi wamkulu. Ine ndili bwino ngati mwana wa ng'ombe.

Werengani mokweza apa, mubwereze kawiri. Bambo, pasipoti yabwera Lachinayi, mapepala onse ali m'malo. Tikiti ndadula. Ndinyamuka pa 6 Meyi, pa 7 madzulo ndili pakhomo. Ndevu zanuzo musamete, ndikubwera ndi lumo la ku Mangalande lometa lokha munthu uli m'tulo. Ndidzakufotokozerani masewero onse kuyambira Ogasiti, chigoli ndi chigoli, mpaka mudzandithamangitse.

Apa dumphani, ndipo muwerenge mutakhala pansi, mtima uli m'malo. Pafoni munadula ndisanamalize.

Mwati ndikwere ndege ya mawa. Ndikanatha, sindikubisirani. Janice nayenso anati, "Tom, pita kwanu, za bambo anga ndiona ine." Ndine ndinati ayi, ndidikira ligi ithe.

Tamverani. Kwatsala masewero atatu, awiri pakhomo, omaliza pa 3 Meyi. Tikapambana apakhomowo tapulumuka. Mwati ndisiye chipewacho kuno ndibwere ndekha. Tinayesa kale zimenezo. Mwezi watha ndinagona ndi malungo a kuno, a Malcolm anabwera kudzachitenga n'kuchivala okha. Tinamwa ziwiri kwa du, pakhomo. Anachibweza atachigwira ndi zala ziwiri, akuti chimafuna mutu wa mwini wake. Tsiku limenelo Janice ndiye anakankha chikuku, agogo anakuwa njira yonse kuti akubedwa, anabwerera pageti osalowa. Popanda ine munthuyu mpira wake womaliza saonera. Zaka 77 akupita kubwalo limenelo, Anangozo.

Ndikudziwa mukuti chiyani. Mukuti bambo a eni. Koma bambo anadikira zaka zinayi chibwerereni kwathuko komaliza, masabata atatu n'chiyani? Munthu uja ndimamudziwa ine, ndi wolimba ngati chitsa. Ndiponso ndi munthu wa mpira. Mutawafunsa angakuuzeni okha kuti munthu sachoka wezulo isanalire. Koma musawafunse.

Dzulo pageti anthu ogwira chipewa anakwana makumi awiri, ndinawerenga, ulendo uno sindikuwonjezera. Mkulu wina wosayenda bwino anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Usatisiye, mwana wanga." Ndikanamuyankha chiyani?

Muphe tambala wamkulu uja pa 7. Phala la bambo muzithira mkaka, ngakhale akane.

Ndine wanu, ngakhale mwakwiya,
Yotamu

Askerby, 25 Epulo

Anangozo,

Sindikudziwa ngati ndifunse kuti mwadzuka bwanji.

Mwachita bwino osandidikira. Munthu sangasungidwe chifukwa cha ine. Nthawi imene munati mukunyamuka kupita kumanda, ine ndinali ndikuwomba phala la agogo kuti lizizire. Anadya lonse.

Mwati sikafu ija mwaika m'bokosi, anapempha okha. Mwati Lachitatu anafunsa kawiri ngati timu yapulumuka, kenako anafunsa kuti pa 7 ndi liti. Zikomo pondiuza. Mukanatha kubisa.

Tikiti ndaisiya momwemo. Kuisintha tsopano n'kuthamangira chiyani?

Wailesi yawo musapatse munthu. Muthokoze a Zakeyo ndi adzukulu onse m'malo mwanga.

M'kalata ino mulibe poti mudumphe.

Yotamu

Askerby, 4 Meyi

Anangozo, mayi a Mwandida,

Moni. Kalata iyi sindiponya, ndibwera nayo m'thumba ndipo ndidzakupatsani pamanja. Ndikulemba chifukwa ndikudzidziwa. Pamaso panu ndidzayamba nthabwala, ndipo izi sindidzazinena.

Za malirowa sindinauze munthu kuno kupatula Janice. Koma Lachiwiri mayi Doreen anafika pakhomo ndi mbale ya chakudya, anakhala pampando wa kukhitchini osavula jasi.

"Anali ndi zaka zingati?"

Anangozo, zaka za bambo anga sindinkazidziwa. Ine amene ndimadziwa zaka za agogo a eni, tsiku lawo lobadwa, mapiritsi awo onse ndi maola ake. Ndinati pakhadi la voti analemba zoti chaka chino akwanitsa 79, koma mlembiyo anangoyang'ana imvi n'kulemba za m'mutu mwake.

"Ndiye 79," anatero.

Ndinati, "Mayi, musavutike. Bwalo lanu sanalionepo. Ndiponso kwathu sititero."

"Sindikukupempha, Tom."

Dzulo sindinafune kupita. Chipewa ndinachiyang'ana nthawi yaitali chili pabedi. Koma agogo anali atakhala kale pachikuku pafupi ndi chitseko, sikafu ili m'khosi mozondoka, akufunsa kuti Stanley tichedwa. Ndinavala, tinapita. Pageti anthu anabwera kudzagwira chipewa ngati kale, ndinangoweramitsa mutu.

Tinkafunika kupambana basi. Tinagoletsa chigawo choyamba, iwo anabweza chachiwiri chitangoyamba. Pa nthawi yopuma ndinaona mayi Doreen akuyenda mzere ndi mzere, akuwerama, akulankhula ndi anthu. A Malcolm payi sanagule.

Wotchi ija sindinafune kuiyang'ana, koma maso ankangopita okha. 76. 77. Bwalo lonse linali likukuwa, anyamata athu atapanikiza adani pagolo lawo. Itafika 79 ndinamva mpando wa a Malcolm ukulira kumbuyo kwanga. Anaimirira n'kuyamba kuwomba, okha. Kenako mayi Doreen. Kenako mayi wamasiye uja ndinamuvinira pamaliro a mwamuna wake, ndi ana ake awiri.

Mukundidziwa, ndikanakonda kukuuzani kuti bwalo lonse linaimirira, osewera anasiya mpira, woyimbira anagwetsa wezulo n'kulira. Ayi. Inali kona yathu yokha, ndi ena a mbali yoyandikana amene anaona anzawo ataima n'kuimanso. Mwina anthu mazana awiri. Mpira unkapitirira. Bambo wina kumtunda ndinamumva akufunsa kuti, "Wafa ndani?"

"Goloboyi," anayankha a Malcolm.

"Wa ife?"

"Wa ife."

Ine ndinali nditakhala, manja ali pakati pa mawondo. Agogo ankawomba pachikuku pawo, pang'onopang'ono, manja aja akuphonyana. Anatembenuka n'kundiona. Sankadziwa kuti wafa ndani, dzina langa salidziwa, koma mwambo wawo sanaiwale. Anandikoka jekete, pamalo pomwe paja panaduka batani.

"Imirira, iwe. Munthu wafa."

Ndinaimirira. Manja anakana. Ndiye anagwira manja anga awiri ndi awo n'kumawagundanitsa ngati mmene timachitira ndi khanda. Kenako ndinapitiriza ndekha. Mphindi imodzi ndi yaitali, Anangozo, sindinkadziwa. Ndinawomba mpaka zikhatho zinatentha, ndipo pakati pake ndinamva munthu akulira maliro a kwathu, mokweza, akuitana bambo ake m'Chichewa pakati pa azungu. Ndinali ine. Palibe anandikoka jekete ulendo uno.

Kutatsala mphindi ziwiri, mpira wapansi unadutsa goloboyi wathu asanawerame. Ziwiri kwa chimodzi. Tatuluka mu ligi. Pakona pathu palibe anachoka mpaka wezulo inalira, ndipo italira anthu anangokhala, kuyang'ana udzu. Ndinavula chipewa, ndinati, "A Malcolm, pepani, sichinagwire ntchito." Anandivekanso n'kuchikokera mpaka m'makutu.

"Pita nacho kwanu, Wovina. Wachedwa kale chifukwa cha ife."

Ndinati si chifukwa cha inu. Ndipo ndikubwereza kwa inu, Anangozo, kuti mumve kuchokera kwa ine. Si ofesi, si agogo, si anthu a pageti. Janice anati pita, inu munati bwerani. Ndine ndinakonda kugwiridwa chipewa.

Panjira agogo anati, "Osadandaula, Stanley. Ogasiti tibweranso." Ndinati inde. Galimoto yowatenga ikubwera mawa m'mawa. Ndawameta kale, ndalongedza, sikafu ndaika pamwamba kuti asaifunefune.

Tambala uja musaphe. Ndikafika musandikonzere madzi osamba kaye, mundiperekeze kumanda dzuwa lisanalowe. Mukandionetse mbali imene kuli mutu, kuti ndidziwe kumene kuli khutu lakumanja. Anafunsa kawiri ngati timu yapulumuka, ndipo palibe anawayankha. Ndikakhala pansi mbali imeneyo, ndikawauza ndekha, mokweza, mosathamanga, kuyambira Ogasiti. Sindikadumpha paliponse.

Mwamuna wanu,
Yotamu